Mvula Ikatseka Misewu, Tipalase Tili M'nyumba

Ife a ku Dowa ndi Ntchisi zitunda timazidziwa: kupalasa kuchoka pa Mponela kukafika pa boma la Ntchisi kumatulutsa thukuta. Koma dzinja likafika misewu yafumbi imasanduka matope, njinga n'kuiyedzeka pakhoma mpaka Epulo, thupi likulemera.

Chitsulo chopalasira m'nyumba chimathandiza pamenepa. Chimanyamula tayala lakumbuyo n'kuligunditsa pa kachitsulo kozungulira, ndiye timapalasa osasuntha. Pogula kapena powotcheretsa, tiyeze tayala lathu: ndi la mainchesi 26 kapena 28? Chikhale chosagwedezeka, ndipo tiikepo tayala lakale chifukwa chimadya matayala.

Bungwe la WHO limalangiza akuluakulu kulimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pa mlungu, monga mphindi 30 kwa masiku asanu. Titsegule mawindo, madzi akumwa akhale pafupi. Tikamva kuwawa pachifuwa kapena chizungulire, tisiye pomwepo n'kuthamangira kuchipatala.