Kuthetsa Utitiri pa Nkhuku ndi m'Makola Athu

Chilala cha 2023 mpaka 2024 chinatisiya manja lende. Pa 29 February 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko lili pa tsoka, pakuti chimanga cha pa mahekitala pafupifupi 1 miliyoni mwa mahekitala 2.2 miliyoni amene anabzalidwa chinauma. Okhala m'tauni nawonso chinawakhudza, chifukwa ufa ndi gaga zinakwera mtengo. Mabanja ena anagulitsa nkhuku zawo kuti agule chakudya, ndipo tsopano ayambanso kuweta pang'onopang'ono kuseri kwa nyumba, ku Northmead, Kabwata, Chelstone ndi m'makomboni ena a Lusaka. Thadzi limodzi limapereka mazira a ana, ndiwo ya alendo ndi kandalama ka sopo. Tsono si bwino kuti nkhuku zimene tazipeza movutikira zithe ndi tizilombo tating'ono timene tingathe kutigonjetsa. Pepala lino likufotokoza za utitiri ndi mmene tingauthetsere.

Mitundu imene tiyenera kuidziwa

Ambiri a ife tizilombo tonse ta pa nkhuku timangotitchula kuti utitiri. Koma tili mitundumitundu, ndipo kachiritsidwe kake n'kosiyana.

Mtundu woyamba ndi utitiri wofiira, umene madokotala a ziweto amautcha Dermanyssus gallinae. Kukula kwake ndi pafupifupi milimita 1. Ukakhala ndi njala umaoneka wotuwa, ukakhuta magazi umafiira. Masana subwera pa nkhuku ayi. Umabisala m'ming'alu ya matabwa, pamene mitengo yalumikizana, pansi pa misomali ndi m'udzu wa m'zisa. Usiku umatuluka, n'kuyamwa magazi, n'kubwereranso kukabisala. Nyengo ikatentha, monga mu September ndi October, dzira lake limaswa ndi kukula mpaka kuyamba kuikira m'masiku pafupifupi 7 okha. Komanso ungathe kukhala m'khola lopanda nkhuku miyezi 8 osadya kanthu koma uli moyo.

Mtundu wachiwiri ndi utitiri wa kumadera otentha wotchedwa Ornithonyssus bursa. Uwu umakhala pa nkhuku pomwepo usana ndi usiku, makamaka m'nthenga za kumchira, ndiponso m'zisa. Ndi umene kawirikawiri umatikwera m'manja tikamatola mazira.

Mtundu wachitatu sitingathe kuuona ndi maso. Umaboola n'kulowa pansi pa mamba a miyendo. Mambawo amatukuka, miyendo imakhakhala ngati yapakidwa laimu, ndipo pomaliza nkhuku imayamba kutsimphina.

Palinso nthata zakuda zimene zimamatirira kuzungulira maso ndi pakanyama kofiira ka pamutu. Izi zimaoneka msanga pakuti sizichoka pamene zaluma. Ana ake amakulira m'fumbi ndi m'zitosi za pansi pa khola.

Zizindikiro

Nkhuku yogwidwa ndi utitiri imadzikanda ndi kudzijompha kosaleka. Kumaso kwake kumayezuka chifukwa magazi achepa. Imaonda ngakhale ikudya, ndipo mazira amachepa. Madzulo nkhuku zimakana kulowa m'khola, zimafuna kugona pa mpanda kapena mu mtengo. Thadzi lofungatira limathawa chisa masiku 21 asanakwane, mazira n'kuola. Anapiye ndiwo amafa msanga, pakuti magazi awo ndi ochepa.

Pofuna kutsimikiza, tidikire kude. Titenge tochi ndi kansalu koyera, tipukute kunsi kwa mtengo umene nkhuku zimagonapo. Tikaona mizere yofiira pa kansaluko, tidziwe kuti utitiri wofiira ulimo. Njira ina ndi kupinda kachidutswa ka katoni n'kukamangirira kunsi kwa mtengowo. Pakapita masiku 2 tikatsegule. Ngati utitiri wabisalamo, katoniyo tiitenthe. Kenaka tigwire nkhuku imodziimodzi masana, tifunyulule nthenga za kumchira ndi za m'kati mwa mapiko, tionenso miyendo ndi kumaso.

Kodi umachokera kuti?

Nthawi zambiri timabwera nawo tokha. Nkhuku yogula pa msika, kaya wa Soweto kaya wa pafupi ndi kwathu, kapena yochokera kwa abale kumudzi, ingathe kubwera nawo. Matireyi a mazira ogwiritsidwa kale ntchito, makatoni, masaka ndi matabwa a khola lakale nazonso zimanyamula. Nkhunda ndi mbalame zina zomanga zisa m'denga zimaufalitsa, ndipo makoswe amauyendetsa kuchoka khola lina kupita lina. M'tauni nyumba zathu n'zoyandikana, motero utitiri suvutika kudutsa mpanda.

Kuyeretsa khola

Pakuti utitiri wofiira umakhala m'khola, kuthira mankhwala pa nkhuku zokha n'kutaya ndalama. Ntchito yaikulu ili pa khola, ndipo tiiyambe m'mawa.

1. Titulutse nkhuku zonse, ndi ziwiya zodyera ndi zomwera.
2. Tichotse udzu wa m'zisa, utuchi, nthenga, makatoni ndi masaka akale, tikazitenthe kutali ndi nyumba. Tisazitaye kuseri kwa khola.
3. Tipale zitosi zouma pansi ndi pa mitengo yogonapo.
4. Tithire madzi owira m'ming'alu yonse ndi molumikizana matabwa. Kutentha kopitirira madigiri 45 kumapha utitiri pamodzi ndi mazira ake. Ana akhale patali pochita zimenezi.
5. Titsuke ndi madzi a sopo ndi burashi. Madzi akavuta, amene tachapira zovala ndi okwanira.
6. Zimene zingathe kunyamulidwa, monga mitengo ndi mabokosi a zisa, tiziyanike padzuwa tsiku lonse.
7. Khola likauma, timate ming'alu ndi simenti kapena dothi, n'kupaka laimu. Thabwa lofumbwa kwambiri ndi bwino kungolitentha.
8. Tiike udzu kapena utuchi watsopano wouma.

Ntchitoyi tiibwereze pakapita masiku 7, ndi kachitatu pakapitanso masiku ena 7. Chifukwa chake n'chakuti mazira ena amapulumuka m'kati mwa ming'alu, ndipo tiyenera kupha ana ake asanayambe kuikira. Ambiri amaleka pa ulendo woyamba poona kuti nkhuku zagona bwino, kenaka mwezi usanathe vuto labwerera.

Kuthandiza nkhuku zenizenizo

Nkhuku imadziyeretsa posamba m'fumbi. Pabwalo la simenti ilibe posambira, choncho tiikonzere. Titenge beseni lakale kapena tayala, tithiremo mchenga wouma wosakaniza ndi phulusa losefa la m'mbaula, tiike pamalo posafika mvula. Phulusalo likhale lozizira, la makala kapena nkhuni zokha, osati lotenthera mapulasitiki. Lisanyowe, pakuti phulusa lonyowa limawotcha khungu. Kusamba kumeneku kumachepetsa nsabwe ndi utitiri wokhala pa thupi, koma sikufika kwa umene wabisala m'matabwa.

Nkhuku ya miyendo yokhakhala tiiviike miyendo m'madzi ofunda a sopo, tiipukute, n'kuipaka Vaseline kapena mafuta ophikira kuyambira ku zala mpaka pamene nthenga ziyambira. Mafutawo amatseka mpweya wa tizilombo. Tichite kawiri pa sabata kwa masabata 3 kapena 4. Tisasende mamba ndi mphamvu chifukwa tingachititse zilonda. Nthata za kumaso nazonso tizipake Vaseline mosamala kuti asalowe m'maso.

Nkhuku zofooka tizipatse madzi aukhondo ndi chakudya chokwanira. Gaga yekha sabwezera magazi msanga. Tiwonjezere masamba obiriwira, zotsala za kapenta kapena soya wokazinga ndi kusinja.

Za mankhwala ogula

Utitiri ukachuluka kwambiri, mankhwala a ufa kapena opopera opangira nkhuku amafunika. Tigule kwa ogulitsa mankhwala a ziweto ovomerezeka, monga a Livestock Services ku Showgrounds, kapena tifunse alangizi a ziweto a boma. Sukulu ya madokotala a ziweto ya Samora Machel ku University of Zambia nayonso ili pa Great East Road pomwepa. Tiwerenge malangizo a pa botolo, makamaka masiku amene sitiyenera kudya mazira kapena nyama titathira mankhwalawo. Pothira tivale chotchinga pakamwa ndi m'manja.

Tisagule mankhwala opanda chizindikiro otsanuliridwa m'timabotolo pamsewu. Tisathire pa nkhuku dibi ya ng'ombe, mankhwala a m'dimba, a mphemvu, parafini, dizilo kapena oilo wakutha wa galimoto. Zina zimapha nkhuku, zina zimalowa m'mazira amene ana athu adzadya. Mapilitsi ofukizira chimanga ndi oopsa koposa, mpweya wake umapha ndi anthu omwe. Mu 2017 ku Netherlands ndi ku Belgium mazira mamiliyoni ambiri anachotsedwa m'masitolo chifukwa mankhwala otchedwa fipronil, osaloledwa pa nkhuku zodya anthu, anathiridwa m'makola pofuna kupha utitiri wofiira womwewu.

Utitiri umalumanso anthu n'kuyambitsa zidzolo zoyabwa, koma suswana pa thupi la munthu. Tikachoka ku khola tisambe ndi kuchapa zovala. Khola lisagundane ndi chipinda chogona.

Kuti usabwererenso

Nkhuku yatsopano ikhale payokha masiku 14, ndipo tiiyang'ane bwino isanalowe m'khola. Tisese khola sabata iliyonse. Thadzi likaswa, udzu wa chisa chake titenthe. Tichotse zisa za mbalame m'denga ndi kutseka mauna a makoswe. Kamodzi pa mwezi tiyendere khola ndi tochi usiku, ndipo nyengo yotentha ikayamba tiziyendera sabata iliyonse.

Mutu umodzi susenza denga. Tikayeretsa khola lathu koma la anansi lili chikhalire, utitiri udzabweranso. Tiyeni tipangane ndi anansi athu, kapena m'magulu athu a amayi ndi a achinyamata, kuti makola oyandikana ayeretsedwe tsiku limodzi ndi kubwerezedwa tsiku limodzi. Thumba limodzi la laimu lingakwanire mabanja angapo, ndipo agogo amene sangathe kunyamula madzi owira adzapeza owathandiza.