Kuwawa kwa Mwendo Umene Unadulidwa

Lero tikambe za anzathu amene anadulidwa mwendo kapena mkono ku cipatala. Alipo m'midzi mwathu: ena anaphwanyidwa ndi miyala pa namondwe wa Freddy mu March 2023, ena anaponda mabomba okwirira pa nkhondo ya ku Mozambique imene inatha mu 1992, ena ndi ngozi za pa mseu kapena nthenda ya shuga.

Oposa theka la anthu otere amamva kuwawa m'ciwalo cimene kulibe. Phazi lija limatentha, limabaya, kapena zala zace zimakhala ngati zapindika. Munthuyo sanama, sanapenge, ndipo sanalodzedwe. Dotolo wa ku France, Ambroise Paré, analemba za asilikari omva zomwezi zaka zoposa 450 zapitazo.

Cifukwa cace ndi ici. Mitsempha ndiyo imatengera mau a thupi ku ubongo, ndipo ubongo uli ndi malo a ciwalo ciri conse, monga mfumu iri ndi maina a anthu ace m'buku. Mwendo ukacoka, dzina lace litsala m'bukumo. Mitsempha yodulidwa itumizabe mau osokonekera, ndipo ubongo uyesa kuti acokera ku phazi.

Tsono mucite ciani?

Coyamba, pitani ku cipatala ca Boma kapena ca Mulanje Mission, akaone ngati podulidwapo pali cironda kapena mafinya. Panado kawiri kawiri sathandiza kwenikweni, koma alipo mankhwala a mitsempha, monga amitriptyline, amene dotolo angalembe.

Caciwiri, pakapola, sisitanipo pang'ono pang'ono tsiku ndi tsiku. Musatemepo mphini, makamaka ngati muli ndi shuga.

Cacitatu, yesani kalilole, njira imene Dotolo Ramachandran anayamba ku America m'zaka za m'ma 1990. Khalani pansi, imikani kalilole wamkuru pakati pa miyendo, aloze ku mwendo wabwino, wodulidwawo ubisike kuseri. Yendetsani phazi labwino mukuyang'ana cithunzi cace, mphindi 15 pa tsiku, milungu inai. Ubongo uona ngati phazi lotayika likuyenda bwino, ndipo kwa ambiri ululu ucepa, ngakhale si kwa onse.

Cacinai, pemphani kalata yopita ku Queen Elizabeth ku Blantyre, kumene amapanga miyendo yocita kuvala.

Inu mafumu, mlandu wa ufiti pa nkhani iyi musaulandire, pakuti udanitsa abale cabe. Nkhawa, kutopa ndi kusowa tulo zimakuza ululu, ndipo kacasu saucotsa. Uzani anthu anu amthandize mnzaoyo kulima munda, ndipo iye asakhale yekha: aziweta nkhuku, aziluka madengu, azikhala nanu pa bwalo. Kwa ambiri kuwawaku kumanka kucepa pakupita miyezi.