Matayala oyenera: galimoto yakale ifike ndi wodwala kuchipatala

Galimoto zambiri zimene zimanyamula odwala, amayi oyembekezera ndi katundu wa chitukuko m'madera a Namitete, Mpingu, Nsaru, Kabudula ndi Nambuma si zatsopano. Ndi ma Toyota HiAce, ma Nissan Caravan, ma Hilux ndi ma Land Cruiser amene anayamba agwira ntchito kwina, ambiri ku Japan, asanafike kuno. Injini zake n'zolimba ndipo amakaniko athu amazidziwa bwino. Koma ngati ndinu dalaivala, mkulu wa pachipatala chaching'ono, membala wa komiti yoyang'anira galimoto, kapena mwini minibasi imene anthu amaihayala usiku matenda akakula, mwina mwaonapo kuti galimoto ikamakalamba imayamba kuvuta kuwongolera. Imakokera mbali imodzi, imagwedezeka ikathamanga, imapendama pokhota, ndipo mvula ikagwa imatsetsereka. Kawirikawiri gwero la zonsezi limakhala pansi, pa matayala ndi malimu.

Tayala lililonse limagunda msewu pa kamalo kofanana ndi chikhatho cha munthu wamkulu. Mabuleki ndi chiwongolero zimadalira timalo tinayi timeneti. Bungwe la World Health Organization linanena m'lipoti lake la 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa chaka chilichonse pangozi zapamsewu padziko lonse. Kusankha bwino tayala ndi mbali imodzi ya ngozizi imene inu mungaipewe musananyamuke n'komwe.

Misewu iwiri pa ulendo umodzi

Kwathu kuno ulendo umodzi umadutsa misewu ya mitundu iwiri. Wodwala wochokera kumudzi wa ku Kabudula kapena ku Nambuma amayamba ndi msewu wafumbi, wa mabampu ndi mchenga m'chilimwe, wa matope ndi madambo odzadza madzi m'dzinja. Kenako galimoto imalowa pa tala, monga msewu wa M12 wa Lilongwe kupita ku Mchinji, kuthamangira kuchipatala cha St Gabriel ku Namitete, chimene masisitere a Chikarimeli a ku Luxembourg anachiyambitsa mu 1959, kapena mumzinda ku Bwaila ndi ku Kamuzu Central. Tayala loyenera liyenera kupirira miyala ndi maenje, komanso kutentha kwa tala wa mu Okutobala galimoto ili yodzadza.

Matayala olembedwa H/T ndi a pa tala: sasokosera ndipo sadya mafuta ambiri, koma m'matope mano ake amadzadza msanga n'kuyamba kungozungulira pamodzimodzi. Olembedwa M/T ali ndi mano akuluakulu okumba matope, koma pa tala wonyowa sagwira bwino ndipo amachita phokoso. Olembedwa A/T ali pakati. Kwa ambulansi kapena pikapu imene imagawa ulendo pakati pa fumbi ndi tala, A/T ndiye amakhala oyenera nthawi zambiri. Minibasi yongoyenda pakati pa Namitete, Msundwe, Mpingu ndi mumzinda ikhoza kukhala ndi matayala a pa tala, bola akhale a galimoto zonyamula katundu.

Werengani zolembedwa m'mbali mwa tayala

Safunsa anadya phula. Tayala limanena lokha zimene lingathe, mukadziwa kuwerenga. Titenge lolembedwa 195/80R15 107/105L LT, limene limabwera ndi ma HiAce ambiri ochokera ku Japan. Nambala 195 ndi kutambalala kwa tayala m'mamilimita. Nambala 80 ikutanthauza kuti khoma la m'mbali ndi lalitali magawo 80 pa 100 a kutambalalako, kumene kuli mamilimita 156. Chilembo R chikusonyeza kapangidwe ka mkati ka mtundu wa radial, ndipo 15 ndi kukula kwa limu m'mainchesi.

Manambala ofunika kwambiri ndi otsatirawo. Nambala 107 ikutanthauza kuti tayala limodzi lingasenze makilogalamu 975. Nambala 105, imene ndi makilogalamu 925, imagwira ntchito matayala akamangidwa awiriawiri kumbuyo. Chilembo L chikuti liwiro lisapitirire makilomita 120 pa ola. Zilembo LT, kapena C pa matayala ena monga 195R15C, zikusonyeza kuti tayalalo analipangira galimoto zonyamula katundu, ndipo khoma lake n'lolimba.

Apa mpamene ambiri amalakwitsa pofuna kupulumutsa ndalama. Tayala la galimoto yaing'ono lolembedwa 195/65R15 91 likhoza kulowa pa limu yomweyo ya mainchesi 15, ndipo mtengo wake ndi wotsikirapo. Koma 91 ndi makilogalamu 615 okha, ndiye anayi onse pamodzi ndi makilogalamu 2,460. Tiyerekeze kuti minibasi yopanda kanthu ikulemera pafupifupi makilogalamu 2,000, ndipo mwakwera anthu 15 olemera makilogalamu 65 aliyense. Mwafika kale pafupi ndi makilogalamu 3,000 musanaike thumba la chimanga ngakhale limodzi, ndipo gawo lalikulu la kulemerako limagwera matayala akumbuyo. Khoma lofewa limapindikapindika, galimoto imapendama pokhota, tayala limatentha mpaka kuphulika.

Tayala limakalamba ngakhale lili ndi mano

Fufuzani m'mbali mwa tayala manambala anayi okhala m'kabwalo, kawirikawiri kumapeto kwa mzere woyamba ndi zilembo DOT. Awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka chimene tayala linapangidwa. Mukaona 2318, ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2018. Mukapeza manambala atatu okha, tayalalo linapangidwa chisanafike chaka cha 2000 ndipo n'losayeneranso kunyamula munthu. Kampani ya Michelin imalangiza kuti tayala likakwanitsa zaka 5 lizipimidwa chaka chilichonse, ndipo likafika zaka 10 lichotsedwe ngakhale likuoneka labwino. Mphira imauma ndi dzuwa n'kuyamba ting'alu m'mbali ndi m'kati mwa mizere.

M'mizere ya tayala muli timabampu ting'onoting'ono topingasa, totalika mamilimita 1.6. Mano akatha kufika pofanana ndi timabampu timeneti, tayala latha ntchito. Kwa galimoto yonyamula odwala, musadikire kufika pamenepo: sinthani mano akatsala mamilimita atatu, makamaka mvula ikamayandikira mu Novembala. Mizere ndi imene imataya madzi pansi pa tayala. Ikasalala, galimoto imayandama pamadzi ndipo chiwongolero sichimvanso.

Pogula matayala a kaunjika, onani chaka, pindani khoma kuti ting'alu tionekere, ndipo yang'anani m'kati ngati muli zigamba kapena mawaya otuluka. Tayala lotupa m'mbali ndi loduka kale m'kati. Lobooka m'mbali silimatidwa. Chigamba chimaloledwa pamene pamagunda msewu pokha, bowo lake likakhala losapitirira mamilimita 6. Chenjeraninso ndi matayala akutha amene ena amawajoba mizere yatsopano ndi mpeni wamoto. Zimenezi zimaloledwa pa matayala a malole olembedwa REGROOVABLE okha.

Palinso msampha wina wa galimoto zochokera ku Japan. Zina zimafika ndi matayala a m'chisanu, olembedwa STUDLESS kapena okhala ndi chithunzi cha phiri ndi kanyenyezi ka chipale. Mano ake amaoneka akuya ndipo amakopa maso, koma mphira yake ndi yofewa, yopangira misewu youndana. Pa tala wotentha amatha msanga, amagwederagwedera pokhota, ndipo galimoto imatenga mtunda wotalikirapo kuti iime.

Limu yaikulu yonyezimira si mankhwala

Achinyamata ambiri amakhulupirira kuti galimoto yakale ikavala malimu akuluakulu onyezimira imakhazikika bwino. Pa tala wosalala pali choonadi pang'ono: khoma lalifupi silipindika kwambiri pokhota. Koma taonani zimene mumataya. Mukachoka pa 195/80R15 kupita pa 215/60R17, khoma limafupika kuchoka pa mamilimita 156 kufika pa 129. Khomalo ndi limene limameza mabampu. Likafupika, dzenje lililonse limafika pa limu, pa mashoko ndi pamsana pa wodwala wogona kumbuyo. Komanso matayala ambiri a saizi zikuluzikulu zoterezi ndi a galimoto zazing'ono, sakwanitsa kulemera kwa minibasi.

M'misewu yathu limu yachitsulo ya saizi imene galimoto inabwera nayo ndi yodalirika. Ikagunda mwala imapindika ndipo mwina n'kuwongoleka, pomwe ya aluminiyamu imang'aluka, mpweya n'kutha nthawi yomweyo. Ngati mwasankhabe ya aluminiyamu yochokera ku Japan, fufuzani chizindikiro cha JWL-T, chimene chimasonyeza kuti inayesedwa kuti igwire ntchito pa galimoto zonyamula katundu. Limu yong'aluka imene anaiwotcherera musaiike pa galimoto yonyamula anthu.

Kuchuluka kwa mabowo a mabawuti si umboni woti limu yakwana. Ma HiAce ndi ma Caravan ambiri ali ndi mabowo 6 otalikirana mofanana, koma bowo lapakati la limu ya Toyota ndi la mamilimita 106 pomwe la Caravan ndi 100. Limu ya Toyota ikaikidwa pa Nissan imasiya mpata pakati, ndipo ikhoza kumangwedeza chiwongolero. Malimu amasiyananso pa kulowa m'kati kapena kutulukira kunja: yolowa kwambiri imakhula mabuleki, yotulukira kwambiri imalemetsa mabeling'i ndipo tayala limakhula bodi galimoto ikadzadza. Mukasintha saizi, kutalika kwa wilo lonse kusasiyane ndi koyamba kupitirira magawo atatu pa 100. Wilo likakula, mita ya liwiro imasonyeza pang'ono pomwe galimoto ikuthamanga kwambiri, ndipo mphamvu yokwerera chitunda imachepa.

Mpweya ndi kamangidwe

Mpweya woyenera unalembedwa pa kapepala komatidwa pafupi ndi chitseko cha dalaivala kapena m'buku la galimoto. Galimoto za ku Japan zimalemba mu kPa: 100 kPa ndi bar imodzi, kapena pafupifupi 14.5 psi. Matayala a LT ndi C amafuna mpweya wambiri kuposa a galimoto yaing'ono, kawirikawiri pakati pa bar 3 ndi 4.5 malinga ndi katundu. Kumenya tayala ndi phazi sikuuza chilichonse. Gulani geji yanu, ndipo yezani sabata iliyonse m'mawa matayala asanatenthe, osaiwala la sipeya. Tayala lotentha limasonyeza mpweya wochuluka; musaphwetse. Mukachepetsa mpweya kuti mutuluke m'matope kapena mumchenga, popaninso musanayambe kuthamanga pa tala.

Matayala awiri akutsogolo akhale ofanana mtundu, saizi ndi kutha kwake, chimodzimodzinso akumbuyo. Pa galimoto yokoka mawilo onse anayi, onse akhale a saizi imodzi. Ndalama zikakwanira awiri okha, atsopanowo aikeni kumbuyo. Kutsogolo kukatsetsereka dalaivala amamva pa chiwongolero n'kuchepetsa liwiro, koma kumbuyo kukathawa galimoto imazungulira, ndipo minibasi yaitali yodzadza imagubuduka mosavuta. Manati amangidwe modumphadumpha, osati motsatizana, ndipo muwayesenso mukayenda makilomita 50 mpaka 100. Kuwaponda sipanala ndi thupi lonse kumatamula mabawuti mpaka kuduka.

Tayala limaulula matenda ena

Tayala latsopano silingachize mashoko akutha. Yang'anani mmene lakale lathera musanalitaye. Likatha pakati, mpweya unkachuluka. Likatha m'mphepete monse muwiri, unkachepa. Likadyeka mbali imodzi yokha, galimoto ikufunika alayimenti, kapena ma ball joint ndi ma tie rod alefuka. Likatha modumphadumpha ngati mano a sowo, mashoko afooka. Chiwongolero chikamanjenjemera pa liwiro lina lake, mawilo akufunika balansi. Konzani zimenezi choyamba, apo ayi matayala atsopano atha m'miyezi yochepa. Muziwasinthanitsa malo pa makilomita 8,000 mpaka 10,000 alionse. Ndipo katundu wolemera, kaya ndi matumba a mtedza, soya kapena feteleza, akhale pansi m'kati osati padenga, chifukwa katundu wa pamwamba ndi amene amapendamitsa galimoto.

Kwa inu a komiti

Matayala amatha mwa ndondomeko, kotero ndalama zake zikhoza kukonzekeredwa. Pa ndalama iliyonse imene galimoto yalowetsa kapena yapatsidwa, patulani kagawo ka matayala m'thumba lapadera. M'buku la maulendo mulembe tsiku logula tayala lililonse, chaka chimene linapangidwa ndi makilomita a galimoto pa tsikulo. Pakatha chaka mudzadziwa nokha mtundu umene ukukhalitsa m'misewu yanu. Setifiketi ya COF yochokera ku Road Traffic imanena za tsiku limene galimoto inapimidwa. Za masiku enawo zili m'manja mwanu. Dalaivala akakuuzani kuti tayala latha, pitani mukaone naye, ndipo mpatseni ufulu wokana kunyamuka ndi tayala lotupa.

Walira mvula walira matope. Mvula isanayambe chaka chino, sankhani tsiku limodzi, inu ndi dalaivala wanu, muzungulire galimoto ndi geji m'manja. Werengani chaka ndi nambala ya kulemera pa matayala onse asanu, yezani mano, onani ngati jeke ndi sipanala zilipo ndipo zikugwira ntchito. Ntchitoyi sikwana ola limodzi, ndipo mudzadziwa zoyenera kugula nthawi ikadalipo, mayi wa pakati asanagogode usiku kufuna galimoto.