PHINEAS BRESEE, MBUSA AMENE ANATSIKIRA KWA OSAUKA

Ena a inu poyenda m'mizinda ya ku Malawi, ku Zambia kapena ku Zimbabwe munaonapo nyumba ya mapemphero yolembedwa pakhomo kuti Church of the Nazarene, ndipo kapena munadzifunsa kuti, kodi mpingo umenewu unacokera kuti? Usiku uno ndifuna kukamba nanu za mtsogoleri wace woyamba, dzina lace Phineas Bresee, wa ku America. Ndasankha mbiri yace cifukwa ca cinthu cimodzi: munthuyu, atafika pa msinkhu umene anzace amayamba kuganiza zopumula, anasiya mpando waulemu mu mpingo waukulu napita kukayamba nchito pakati pa amphawi.

Bresee anabadwa pa 31 December 1838 ku Franklin, m'cigawo ca New York, m'banja la alimi. Anatembenuka mtima m'caka ca 1856 mu mpingo wa Methodist, ndipo caka cotsatira, atasamukira ku Iowa, anayamba kulalikira ali ndi zaka 18 zokha. Masiku amenewo Iowa linali dziko la midzi yotalikirana, ndipo mlaliki anali kupatsidwa midzi ingapo yoti aziizungulira pa kavalo, nagona m'nyumba za Akristu, nalalikira m'masukulu ndi pali ponse pamene anthu anasonkhana. M'caka ca 1860 anakwatira Maria Hebbard. Pa nkhondo ya paciweniweni ya ku America, ya 1861 kufikira 1865, iye anaima poyera ndi mbali yodana ndi ukapolo.

Tisanapitirire tiyenera kumvetsa mau akuti ciyero, pakuti moyo wonse wa munthuyu unatsamira pa mau amenewa. John Wesley, amene anayamba gulu la Methodist ku England namwalira m'caka ca 1791, anaphunzitsa kuti nchito ya Mulungu mumtima mwa munthu siithera pa kukhululukidwa kwa macimo. Munthu atakhululukidwa, muzu wa ucimo umatsalabe: kunyada, nsanje, mkwiyo ndi kukonda cuma. Mlimi ali yense adziwa kuti ukadula mtengo pamwamba, citsa cimaphukanso mvula ikagwa. Munda umayera pokhapokha citsaco citazulidwa. Tsono Wesley anati pali nchito yaciwiri ya cisomo, imene Mzimu Woyera ayeretsa nayo mtima naudzaza ndi cikondi ca kwa Mulungu ndi ca kwa mnansi. Sanali kunena kuti munthu wotere sangalakwitse kapena kuyesedwa, iai, koma anali kunena za mtima wosagawanika. Si Akristu onse amene amabvomereza ciphunzitso cimeneci. Koma m'zaka za m'ma 1800 ambiri a ku America anaona kuti mpingo wa Methodist, polemera ndi pomanga machalichi okongola, unali kuciiwala, ndipo anayamba kucita misonkhano ya m'misasa kuti acitsitsimutse. Iwowa ndiwo anachedwa anthu a ciyero.

Bresee mwini anakomana nazo zimenezi ali mbusa ku Chariton, ku Iowa komweko, m'nyengo yozizira ya pakati pa 1866 ndi 1867. Mtima wace unali wodzaza ndi zikaiko, ndipo anadziona kuti anali munthu wonyada, wopsa mtima msanga ndi wofuna kuchuka. Usiku wina, kunja kukugwa cipale cofewa, analalikira naitana ofuna kupemphereredwa kuti adze kutsogolo. Panalibe amene anaimirira. Pamenepo mbusa mwiniyo anatsika nagwada pa guwa la chalichi cace, anthu ace akupenya, napempha Mulungu kuti amyeretse mtima. Taganizani, akumva inu, kulimba mtima kumene kufunika kuti mtsogoleri aulule kusowa kwace pamaso pa anthu amene awatsogolera.

Phunziro lina linamdzera mwa njira yowawa. Patapita zaka anaika ndalama zace mu mgodi wa siliva wa ku Mexico, nayembekeza phindu. Mgodiwo unadzaza madzi, ndipo ndalama zonse zinapita. Akulu akale anati cuma ndi mcira wa khoswe, sucedwa kupululuka. Bresee anacita manyazi, natsimikiza mtima kuti sadzabwereranso ku malonda, koma adzapereka masiku ace onse ku nchito ya Mulungu. M'caka ca 1883 anacoka ku Iowa ndi banja lace napita ku Los Angeles, ku California.

Kumeneko dzina lace linakwera msanga. Anapatsidwa chalichi cacikulu ca Methodist ca pa Fort Street, ndipo kuyambira 1886 kufikira 1890 anali mbusa ku Pasadena, kumene anthu ambiri analowa mu mpingo. Ku Pasadena analimbana kwambiri ndi malonda a mowa, kotero kuti okonda malondawo anapanga cifanizo cace nacitentha poyera. Pambuyo pace anakhala woyang'anira abusa a m'cigawo ca Los Angeles, ndiponso mmodzi wa akulu oyendetsa University of Southern California. Pa zinthu zimene mbusa angazifune pa dziko lino, iye sanasowe kanthu.

Koma mzinda wa Los Angeles unali kukula mofulumira, ndipo pamodzi ndi olemera munadzaza anthu ofuna nchito, alendo osowa pogona, zidakwa ndi akazi amasiye. Anthu otere sanali kulowa m'machalichi okongola aja. Zobvala zao zomwe zinali kuwaletsa. M'caka ca 1894 Bresee anapempha akulu a mpingo wace kuti amlole kukagwira nchito ku Peniel Mission, nyumba yolalikiramo anthu osauka pakati pa mzinda, koma akhalebe mbusa wa Methodist. Akuluwo sanabvomere. Tsono anayenera kusankha. Mbali imodzi kunali mpingo umene anautumikira zaka 37, malipiro, ulemu ndi abwenzi. Mbali yina kunali amphawi a m'miseu. Anali ndi zaka 55. Anacezera usiku ndi mapemphero ndi misozi, ndipo anasankha amphawi.

Kusankha bwino sikucotsa mabvuto. Ku Peniel anakhalako caka cimodzi cokha, pakuti anasiyana maganizo ndi eni ace a nchitoyo. Iwo anafuna kuti ikhale nyumba yolalikiramo cabe. Bresee anati munthu wosauka akatembenuka mtima ayenera kukhala ndi mpingo wace weniweni, umene angalembedwemo dzina, nalandira sakramenti, nakhala ndi mau pa zocitika zace. M'caka ca 1895, iye ali pa ulendo wa ku misonkhano, anauzidwa kuti malo ace ku Peniel atha. Motero munthu amene anali kulalikira m'machalichi akuluakulu anatsala wopanda guwa.

Pa 6 October 1895 iye ndi bwenzi lace, dotolo Joseph Widney, anacititsa mapemphero m'nyumba ya misonkhano yolipira pa Main Street. M'mwezi womwewo anakhazikitsa mpingo, ndipo posacedwa anthu 135 analembedwa ngati oyamba. Widney ndiye anapereka dzina lakuti Nazarene, cifukwa Nazarete unali mudzi wonyozeka, ndipo dzinali linali kukumbutsa za Yesu mmisiri wa matabwa, mnzao wa anthu okhetsa thukuta. Caka cotsatira anamanga nyumba ya matabwa yopanda zokongoletsa, imene anthu anaicha Glory Barn, ndiko kunena kuti khola la ulemerero.

Pano ndi pamene tiona tanthauzo la ciyero monga Bresee analimvera. Sanafune nyumba za mtengo wapatali, pakuti anati ndalamazo ziyenera kupita kwa osowa ndi ku nchito yolalikira, ndiponso nyumba yonyezimira imathamangitsa wosauka asanafike ndi pakhomo pomwe. Mipando inali yaulere, pamene m'machalichi ena a nthawi imeneyo mabanja olemera anali kulipira mipando yao. Iye mwini anali kuima pakhomo mapemphero asanayambe, napatsa moni olowa, ndipo akaona munthu wa zobvala zong'ambika anali kumgwira dzanja nakamkhazika pa mpando wabwino. Akazi analoledwa kulalikira ndi kudzozedwa ubusa kuyambira paciyambi. Kwa iye mtima woyera ndi dzanja lothandiza zinali cinthu cimodzi.

Nchito inafalikira ku mizinda yina, ndipo m'caka ca 1902 anatsegula sukulu ya Baibulo, imene lero iri Point Loma Nazarene University ku San Diego. Koma timipingo ta ciyero tinali tambiri, tobalalika m'dziko lonselo, ndipo mutu umodzi susenza denga. M'caka ca 1907, ku Chicago, mpingo wa Bresee unaphatikana ndi gulu la kum'mawa kwa America. Ndipo pa 13 October 1908, ku Pilot Point, ku Texas, anaphatikananso ndi gulu la kumwera. Ici cinali cinthu cacikulu, pakuti zilonda za nkhondo ya ukapolo zinali zisanapole, ndipo mipingo yambiri inali yogawikabe, wina wa kumpoto, wina wa kumwera. Kuti aphatikane, Bresee analola kulekerera pa zinthu zazing'ono, nagwiritsa pa cacikulu cokha, ndico ciyero. Pa nthawiyo anthu a mpingowo anali opitirira pang'ono 10,000. Unachedwa Pentecostal Church of the Nazarene, koma m'caka ca 1919 mau oyambawo anacotsedwa, kuti anthu asausokoneze ndi mipingo yolankhula malilime.

Bresee anakhala mmodzi wa oyang'anira akulu a mpingo kufikira imfa yace. Anapita ku msonkhano waukulu wa ku Kansas City m'caka ca 1915 ali wodwala kale, nabwerera kwao ku Los Angeles, kumene anamwalira pa 13 November 1915, ali ndi zaka 76. Iye sanapondepo mu Africa, koma asanamwalire mmishoni Harmon Schmelzenbach anali atayamba kale nchito ku Swaziland, dziko limene tsopano lichedwa Eswatini, m'caka ca 1910. Ndipo m'caka ca 1957 mpingowo unafika ku Malawi.

Inu akumva, kaya muli a mpingo uti, mbiri iyi ikusiyirani funso. Munthu wa zobvala zong'ambika akafika pakhomo pa chalichi canu Lamulungu likudzali, kodi adzampatsa moni ndani, ndipo adzakhala pa mpando uti?