Malangizo a Jaji kwa Jury: Umboni Wokwanira ndi Wotani?

Pamene Bwalo Lalikulu likuzenga mlandu waupandu pogwiritsa ntchito jury, gulu la anthu wamba osankhidwa kuti agamule mlanduwo, jaji amayamba wawalangiza asanapereke chigamulo. Amawakumbutsa kuti, malinga ndi gawo 42 la Malamulo Oyendetsera Dziko, woimbidwa mlandu ndi wosalakwa kufikira boma litabweretsa umboni wosasiya chikayiko chomveka. Chikayiko chotere chikatsala, munthuyo ayenera kumasulidwa.

Milandu ya ngongole, mgwirizano wa malonda kapena mbewu zodyedwa ndi ziweto ndi yosiyana. Woweruza amagamula popanda jury, ndipo amangoona mbali yomwe umboni wake ukulemera kuposa inzake. Choncho alimi ndi amalonda, sungani malisiti, makalata a mgwirizano ndi mayina a mboni.