Chikomekome cha brownie: mmene mungasiyanitsire weniweni ndi keke wamba

M'malo omwera khofi, m'mabekale ndi m'masitolo akuluakulu a mu Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu, pambali pa masikono ndi makeke tsopano pamapezekanso tizidutswa takuda ta ngodya zinayi totchedwa brownie. Kachidutswako sikadzaza n'chikhatho chomwe, koma mtengo wake umasiya kutali wa mandasi ndi chigumu.

Chodandaulitsa n'chakuti dzina ndi maonekedwe zimafanana paliponse pomwe zam'kati zimasiyana kwambiri. Wina amapeza chokoleti chosungunuka m'kamwa, mnzake n'kulipira ndalama yomweyo pa keke youma imene yangodetsedwa ndi ufa wa koko. Paja akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Komabe wogula angathe kudziteteza. Chilichonse chimene wophika wathira kapena wamana chimasiya chizindikiro, ndipo maso, chala, mphuno ndi lilime zingathe kuchipeza.

Kwawo kwa brownie

Brownie kwawo ndi ku America. Hotela ya Palmer House mumzinda wa Chicago imanena kuti ndiyo idayamba kumuphika mu 1893, panthawi ya chionetsero chachikulu cha World's Columbian Exposition. Nkhani yake imati Bertha Palmer, mkazi wa mwini hotelayo, adapempha ophika kuti akonze chotsekemera chaching'ono kuposa keke, choti chikwane m'mabokosi a nkhomaliro ya amayi obwera kuchionetseroko. Ophikawo adatulutsa kachidutswa kodzadza ndi chokoleti, kowazidwa mtedza wa walnut ndi kupakidwa madzi okhuthala a chipatso cha apricot. Hotelayo ikumuphikabe mpaka lero.

Dzina lakuti brownie lidaoneka mu 1896 m'buku la zophikaphika la Fannie Farmer wa ku Boston, koma timakeke ta m'bukumo tidalibe chokoleti, tinkatsekemera ndi manyuchi a nzimbe. Chokoleti chidalowamo bukulo litasindikizidwanso mu 1906. Kuchokera pamenepo, brownie wakhala akudziwika ngati kanthu kakang'ono koma kolemera, komwe mwini nyumba wake ndi chokoleti.

Zothira n'zimodzi, muyeso ndiwo usiyana

Zofunika pophika brownie ndi zisanu: batala, shuga, mazira, ufa wa tirigu ndi chokoleti kapena ufa wa koko. Zomwezinso zimapanga keke ya chokoleti, ndipo apa ndi pomwe ogula ambiri amasokonezekera. Keke imafuna ufa wambiri, mkaka ndi pawudala wofufumitsa, ndipo batala ndi shuga zimatakasidwa kwa nthawi kuti mulowe mpweya. N'chifukwa chake imatukuka n'kukhala yopepuka ngati siponji. Brownie amafuna ufa wochepa ndi mafuta ambiri. Batala amasungunulidwa, nthawi zambiri pamodzi ndi chokoleti, ndipo pawudala amakhala wochepa zedi kapena osathiramo n'komwe. Amakhala mu uvuni wotentha madigiri pafupifupi 180 kwa mphindi zapakati pa 20 ndi 30, n'kutulutsidwa pakati pake pasadaumiretu.

Ophika amagawa ma brownie m'magulu atatu. Woyamba ndi wothinana, wonyowa m'kati, yemwe amamatirira pang'ono kumano. Ameneyu ali ndi mafuta ndi chokoleti zambiri. Wachiwiri ndi wotafunika, amene amakoka pang'ono ukamaluma. Kukokako kumabwera ndi shuga wofiirira ndi dzira lowonjezera. Wachitatu ndi wonga keke, wofufumako ndi woyoyoka nyenyeswa. Onse atatu ali ndi owakonda, ndipo wophika waluso angathe kukometsa aliyense. Koma gulu lachitatuli ndilo limabisa zambiri, chifukwa pa zothira zisanu zija ufa ndiwo wotsika mtengo pomwe chokoleti ndi batala ndizo zimadya ndalama.

Chimene chimachititsa ena kumana chokoleti

Chokoleti chimapangidwa kuchokera ku nthanga za mtengo wa koko, womwe kwawo ndi ku South America koma lero umalimidwa kwambiri kuzambwe kwa Africa. Maiko awiri okha, Côte d'Ivoire ndi Ghana, amakolola pafupifupi theka la koko yense wa padziko lapansi. Nyengo itasokonekera komanso matenda atagwira mitengo kumeneko, zokolola zidatsika ndipo mtengo udakwera modabwitsa. Kumayambiriro kwa 2023 tani imodzi ya koko pamsika wa New York idali pansi pa madola 3 000. Mu Marichi 2024 idadutsa madola 10 000, ndipo pofika Disembala chaka chomwecho idadutsa madola 12 000. Mitengoyo idatsikako pambuyo pake, koma idali itagwedeza kale ophika padziko lonse.

Kuno kwathu vutolo lidakumana ndi linzake. Koko amalimidwa pafupi ndi ife m'boma la Kyela ku Tanzania, kutsidya kwa mtsinje wa Songwe, koma wambiri amagulitsidwa kunja akadali nthanga. Zambiri mwa chokoleti ndi ufa wa koko zomwe ophika athu amagwiritsa ntchito zimaitanitsidwa kuchokera kunja, monganso tirigu wambiri, ndipo zimafuna ndalama zakunja zomwe zakhala zikusowa. Mu Novembala 2023 mphamvu ya kwacha idatsitsidwa ndi 44 peresenti. Wophika wotere amatsala ndi njira zitatu: kukweza mtengo, kuchepetsa kachidutswa, kapena kusintha zothira mwakachetechete. Njira ziwiri zoyambazo wogula amaziona yekha. Yachitatuyo imafuna kuzindikira.

Kusinthako kumayenda motere. Pafupifupi theka la nthanga ya koko ndi mafuta, ndipo mafutawa ndiwo chuma chenicheni cha chokoleti. Amasungunuka pa madigiri pafupifupi 34, pansi pang'ono pa kutentha kwa thupi la munthu komwe ndi madigiri 37, n'chifukwa chake chokoleti chabwino chimatha chokha palilime. Kuyambira mu 1828, pomwe banja la Van Houten ku Amsterdam lidapeza njira yofinyira nthangazi, mafuta ndi ufa wa koko zimagulitsidwa padera. Izi zidatsegula khomo la chokoleti chongoyerekeza, chomwe pamapaketi chimalembedwa kuti compound: ufa wa koko wosakanizidwa ndi shuga komanso mafuta otchipa a mbewu zina, makamaka a kanjedza. Poona n'chimodzimodzi, koma m'kamwa chimachedwa kusungunuka.

Kuda nakonso kumanyenga. Pali ufa wa koko wochotsedwa kuwawasa kufakitale, umene umada kwambiri kuposa wachilengedwe. Wophika angathe kuthira wochepa chabe, brownie n'kuda bii, fungo la chokoleti mulibemo. Izi sizikutanthauza kuti brownie wa ufa wa koko ndi wachabe. Koko akakhala wokwanira, batala ali wambiri, amakoma mofanana ndi wa chokoleti chosungunula. Cholakwika ndi kumana zonse ziwiri n'kudzazitsa ndi ufa ndi shuga.

Mayeso anayi

Oyamba ndi a maso. Pamwamba pa brownie wophikidwa bwino pamakhala kachikhungu kopyapyala, konyezimira, kong'ambikang'ambika ngati pepala. Kachikhunguka kamapangika shuga akasungunuka bwino m'mazira ndi batala wotentha, choncho kamaonetsa kuti wophika adadekha. Pamwamba pakakhala pozimirira ndi potukuka ngati sikono, ndiye kuti ufa ndi pawudala zachuluka. Yang'ananinso m'mbali modulidwa ndi mpeni. Mukaona timaenje tambirimbiri ta mpweya, imeneyo ndi keke. Kirimu wokhuthala wopakidwa pamwamba nthawi zina amakhala chophimba cha kuuma kwa m'kati.

Achiwiri ndi a chala. Nyamulani kachidutswako: kazilemera kuposa mmene kakuonekera. Dinikizani pang'ono pakati. Brownie wothinana amasiya kadzenje, keke imabwerera m'malo mwake. Akamayoyoka pogwira ndiye kuti adapsa mopitirira kapena wagonera masiku. Koma kunyowa kuli ndi malire. Pakati pakakhala poyenderera ngati phala, pomveka fungo la ufa wauwisi, ameneyo sadapse, ndipo mazira osapsa angathe kudwalitsa m'mimba.

Achitatu ndi a mphuno. Nyemani pakati n'kununkhiza musadalume. Loyamba kufika likhale fungo la koko, lotsatiridwa ndi la batala. Kukamveka vanila yekhayekha, shuga wopserera, mafuta okhalitsa kapena fungo la zakudya zina za mufiriji, lilime silidzapeza chosiyana.

Omaliza ndi a lilime, ndipo amafuna kudekha. Ikani kachidutswa kakang'ono m'kamwa n'kudikira pang'ono musadatafune. Chokoleti chimveke poyamba, kutsekemera kubwere pambuyo. Kakuwawira pang'ono n'kabwino chifukwa ndi umboni wa koko, ndipo kamchere kapatali kamadzutsa kakomedwe. Mukameza, tcherani khutu ku zomwe zatsala. Batala ndi mafuta a koko zimachoka mwaukhondo n'kusiya fungo la chokoleti kwa kanthawi. Majarini ndi chokoleti chongoyerekeza zimasiya kachiphuphu ka mafuta kumwamba kwa m'kamwa, ngati munthu wanyambita kandulo. Ngati muli tizibenthu ta chokoleti, tolanipo kamodzi n'kukalawa pakokha, pakuti mpamene chinyengo chimaonekera msanga. Brownie amene wangosiya ludzu ndi kukereketa kukhosi ndi wa shuga wambiri.

Kuyerekeza mwachilungamo

Munthu sangaweruze malo ogulitsa podalira zomwe akukumbuka, chifukwa kukoma kwa malo, nyimbo ndi anzake amene adali nawo kumalowerera m'chiweruzo. Njira yabwino ndi kusonkhana anthu anayi kapena asanu, aliyense n'kugula kachidutswa kamodzi kumalo osiyana tsiku lomwelo, kenaka n'kugawana. Motero mtengo umapepuka. Kupitirira mitundu isanu lilime limatopa ndipo zonse zimayamba kumveka zofanana.

Gulani ma brownie opanda zokometsera zina. Kuika wa mtedza ndi karamelo pambali pa wamba n'kupikisanitsa wanjinga ndi wapansi. Dulani zidutswa zofanana, ndipo zonse zichokere mbali imodzi, pakuti za m'mphepete mwa chiwaya zimakhala zouma ndi zotafunika kuposa zapakati. Munthu mmodzi amene sakulawa nawo aike manambala n'kusunga chinsinsi cha komwe chilichonse chachokera ndi mtengo wake. Dzina lotchuka ndi mtengo wokwera zimakometsa chinthu m'maganizo chisadafike palilime.

Zidutswazo zisakhale zozizira kapena zotentha. Firiji imalimbitsa batala n'kutsekereza fungo, pomwe kutenthetsa kumafewetsa ngakhale brownie wa dzana. Ichi n'chifukwa chake wotenthetsa wokhala ndi ayisikilimu pamwamba amakoma pafupifupi paliponse, ndipo sanena zambiri za luso la wophika. Pakati pa kulawa imwani madzi okha. Tiyi wa shuga ndi khofi adikire. Aliyense alembe maganizo ake asadamve a anzake, chifukwa woyamba kulankhula amakoka gulu. Pomaliza sungani kachidutswa ka mtundu uliwonse m'kontena yotseka bwino mpaka mawa lake. Wa mafuta okwanira amadzuka ali wofewa, nthawi zina atakomerako, pomwe wa ufa wambiri amadzuka atauma gwa.

Mtengo nawo uyesedwe pa sikelo. Kachidutswa kotchipa koma kopepuka kangathe kukhala kodula kuposa kanzake mukawerengera magalamu.

Za m'mapaketi

Ma brownie a m'mapaketi a m'masitolo amapangidwa kuti akhale nthawi yaitali pashelefu, choncho kawirikawiri amadalira mafuta a mbewu ndi mankhwala osunga chinyezi. Ubwino wake ndi wakuti zothira zimalembedwa papaketi, kuyambira chochuluka mpaka chochepetsetsa. Koko kapena chokoleti zikakhala kumapeto kwenikweni kwa mndandandawo, mwadziwiratu kuti mukugula shuga, ufa ndi mafuta. Onaninso tsiku lothera ntchito. Amene thupi lawo limadana ndi mtedza awerenge mosamala, ndipo odwala matenda a shuga akumbukire kuti brownie aliyense, wabwino ndi woipa yemwe, ali ndi shuga wambiri.

Kumalo omwera khofi kulibe paketi yoti muwerenge, koma kuli munthu woti mumufunse. Mafunso atatu ndi okwanira: waphikidwa liti, mwathiramo batala kapena majarini, ndipo muli chokoleti kapena ufa wa koko wokha? Amene amanyadira ntchito yake amayankha mosangalala, mwinanso n'kukuuzani kuti mtedza wa makadamiya uli pamwambapo ndi wa ku Thyolo, ndipo kakhofi kodzutsa fungo la chokoleti ndi ka ku Mzuzu.

Wophika wogwiritsa ntchito majarini ndi ufa wa koko sadalakwe, malinga anene zoona ndipo mtengo ugwirizane ndi zomwe wathira. Ogula akamafunsa ndi kuyerekeza, amene akulimbikira kugula batala ndi chokoleti chenicheni m'nyengo yovutayi amapeza chifukwa chopitirizira, ndipo amene akugulitsa keke youma pa mtengo wa brownie amayamba kuona zidutswa zake zikugonera m'galasi.