Nkhondo ya Abale Atatu a ku Tây Sơn

Inu nonse omvera m'makomboni a ku migodi ndi m'matauni, madzulo ano tinka kutali kum'mawa, ku dziko la Vietnam, kumene anthu akhulupirira mpunga monga ife tikhulupirira cimanga.

Kale dzikolo linali ndi mfumu yaikuru ya pfuko la Lê, koma ufumu wace unali wa dzina lokha. Mphamvu inali ndi mabanja awiri: a Trịnh kumpoto, a Nguyễn kumwera, ndipo malire ao anali mtsinje wa Gianh. Kumwerako, kuyambira caka ca 1765, nduna ina, dzina lace Trương Phúc Loan, ndiyo inaweruza m'malo mwa mbuye wace amene anali mwana. Misonkho inakula, ndalama zinacepa mphamvu, mpunga unakwera mtengo, njala inalowa m'midzi.

M'caka ca 1771 abale atatu a m'mudzi wa Tây Sơn, Nhạc, Huệ ndi Lữ, anapanduka. Wamkuruyo, Nhạc, anali wamalonda, ndiponso anagwirapo nchito yokhometsa msonkho. Motero anadziwa bwino pamene panali cironda ca anthu. Ankhondo ao anatentha mabuku a msonkho, nalanda cuma ca olemera, nagawira osauka. Alimi, anthu a m'mapiri, ngakhale amalonda, anawatsata. Mu 1773 analanda mzinda wa Qui Nhơn. Akuru a kumeneko asimba kuti Nhạc analowa yekha m'khola, anthu ace namtengera kwa bwanamkubwa ngati wandende. Usiku anaturuka natsegulira anzace cipata.

Mu 1777 anapha ambuye a banja la Nguyễn, koma mnyamata mmodzi, Nguyễn Ánh, anapulumuka. Musamuiwale ameneyu.

Katswiri wa nkhondo anali Huệ. Mu 1785 anamiza zombo za a ku Siam pa mtsinje wa Mekong. Caka cotsatira anagwetsa a Trịnh. Pakutha pa 1788 khamu la ankhondo a ku China linalowa m'mzinda wa Thăng Long, umene lero uchedwa Hanoi. Huệ anadzilonga ufumu, natenga dzina lakuti Quang Trung, nayenda msanga ndi asilikari ndi njobvu, nawagwera adani m'masiku a madyerero a caka catsopano ca 1789. M'masiku owerengeka Acaina anathawa. Kufikira lero anthu a ku Vietnam akumbukira nkhondo ya pa Đống Đa.

Koma tisabise mbali yina. Mu 1782 ankhondo a Tây Sơn anapha Acaina zikwi zambiri okhala ku Saigon. Abale eni ace anamenyana mu 1787. Ndipo mlimi uja anayembekeza mpumulo anapeza kuti ana ace atengedwa ku nkhondo, iyenso aitanidwa ku nchito yokakamiza, msonkho ulipobe.

Quang Trung anamwalira mu 1792, asanakalambe, nasiya mpando kwa mwana wamng'ono. Pamenepo Nguyễn Ánh anali atalandanso Saigon mu 1788, nathandizidwa ndi bishopu wacifalansa, Pigneau de Béhaine. Anakwera kumpoto pang'ono pang'ono, nalowa m'Thăng Long mu 1802, nakhala mfumu Gia Long ya dziko lonse. Otsala a banja la Tây Sơn anawapha mwankhanza, nafukula ndi mafupa a Nhạc ndi Huệ omwe.